Funsani za Malamulo: Kodi mnyamata wopalamula ali mwana angafere m'ndende?

FUNSO: Mwana wa mchemwali wanga ali m'chitokosi pa mlandu wakupha. Anali pagulu la anyamata asanu omwe anamenya munthu usiku, munthuyo n'kukamwalirira kuchipatala. Tsikulo anali ndi zaka 17, pano wakwanitsa 18. Aneba akuti ku America anyamata otere amawatsekera moyo wonse, osadzatulukanso. Kodi kunonso zili choncho? — Mayi wa ku Mchengautuwa, Mzuzu

YANKHO: Pepani mayi ndi zomwe zakugwerani. Gwirani mfundo iyi kaye: chofunika ndi zaka zomwe mnyamatayo anali nazo tsiku lomwe mlandu unachitika. Malamulo athu a milandu amaletsa kugamula kuti munthu anyongedwe ngati anapalamula asanakwane zaka 18, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Malawi inavomerezanso, mu 1991, pangano la United Nations la ufulu wa ana, lomwe gawo 37 limakana kunyonga kapena kutsekera moyo wonse popanda mwayi wotuluka munthu yemwe analakwa ali mwana.

Izi sizikutanthauza kuti abwera kunyumba mawa. Mlandu wakupha umaweruzidwa ku Khoti Lalikulu, lomwe lilipo konkuno ku Mzuzu, ndipo akapezeka kuti anachitadi, khoti litha kulamula kuti asungidwe. Ana olakwira malamulo amatumizidwa kumalo osinthira khalidwe ngati Chilwa ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre.

Pomwe zinthu zimalakwika kawirikawiri ndi papepala la apolisi. Mnyamata wamsinkhu, ndevu zayamba kutuluka, mawu abesi, wapolisi n'kungolemba 19. Nambala imeneyo ikapanda kutsutsidwa imayenda naye mpaka kukhoti, ndipo amagonekedwa limodzi ndi akuluakulu. Choncho musadikire tsiku la mlandu. Fufuzani chiphaso cha kubadwa. Ngati palibe, tengani khadi la kusikelo, kalata ya ubatizo, kapena pemphani ahedi a kupulayimale komwe anaphunzira akulembereni tsiku lobadwa lomwe lili m'kaundula wawo. Pepala lakale, ngakhale lothimbirira, limakhulupirika kuposa lomwe lalembedwa mwana atamangidwa kale. Jambulitsani makope, enieniwo musunge nokha. Kenaka pitani nawo ku Legal Aid Bureau kukapempha loya, ndiponso kwa a Social Welfare, chifukwa iwowa ndi amene amalembera khoti lipoti la momwe mwanayo wakulira. Mapepala onse akasowa, khoti litha kupempha dokotala kuti ayerekeze zaka, koma kuyerekeza kumaphonya, ndipo kwa mwana wa zaka 17 kuphonya ndi chaka chimodzi n'kokwanira kumusandutsa wamkulu.

FUNSO: Ine sindimvetsa. Mnyamata wa zaka 16 amadziwa bwino lomwe kuti kupha n'kulakwa. Amuchepetsere chilango chifukwa chiyani, pomwe anamfedwa akulira? — Bambo wa ku Luwinga

YANKHO: Bambo, lamulo silinena kuti sadziwa. Kwathu kuno mwana wosakwana zaka 10 ndiye sazengedwa mlandu konse. Wapakati pa 10 ndi 14 amazengedwa pokhapokha boma litaonetsa kuti ankazindikira kuti zomwe akuchita n'zosayenera. Wa zaka 16 ali kunja kwa zonsezi: mlandu ndi wake. Funso ndi lakuti kulakwa kwake n'kolemera mofanana ndi kwa bambo wa zaka 40?

Khoti Lalikulu la ku America linayankha kuti ayi mu 2005, pa mlandu wa Roper, pomwe linathetsa kunyonga opalamula asanakwane zaka 18. Linati wachinyamata amachita zinthu mopupuluma, amatengeka msanga ndi anzake, ndipo khalidwe lake limakhala lisanakhazikike. Akatswiri a ubongo amavomereza: mbali ya kutsogolo, yomwe imagwira munthu kuti adziletse, imapitiriza kukhwima mpaka atapitirira zaka 20. Mumufunse yekha masana, akuuzani zanzeru. Mumuike pakati pa anzake usiku atalawa kachasu, mabuleki aja sagwira. Kwa ife mfundo yachitatu ndiyo yamphamvu. Kutsekera mwana moyo wonse n'kulosera kuti sadzasintha, ndipo palibe jaji angalosere zimenezo molondola pa munthu wosakhwima.

Aneba a mayi aja sananame kwenikweni. America sinavomereze pangano la ufulu wa ana lija, ndipo chilango chotsekera ana moyo wonse chikadalipo m'madera ena a dzikolo. Kungoti chakhala chikuchepetsedwa: mu 2010 mlandu wa Graham unachiletsa pa ana omwe sanaphe munthu, mu 2012 mlandu wa Miller unati jaji asakakamizidwe kuchipereka asanaone msinkhu ndi makulidwe a mwanayo. Komabe mu 2021, pa mlandu wa Jones, khotilo linati jaji atha kuchiperekabe ngakhale asananene kuti mwanayo sangasinthenso.

Mu 2016 chigamulo cha Miller chinafikiranso akaidi omwe anagamulidwa kale, kudzera pa mlandu wa Henry Montgomery, yemwe anapha wapolisi ku Louisiana mu 1963 ali ndi zaka 17. Anamutulutsa mu 2021, ali nkhalamba ya zaka 75.