Dzuwa la Juni lilipo, koma mukukumana nalo?

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake Juni akangolowa thupi lanu limalemera, tulo sitikukwanirani, mtima umangokhala wachisoni popanda chifukwa, pamene Seputembala akafika mumakhalanso achangu. Ena pano akuti ndi ulesi. Ine ndikukana, ndipo mundilole ndikuyankheni motalikirako.

Thupi limadziwa nthawi kudzera m'maso. Kunja kukada, ubongo umatulutsa melatonin, amene amabweretsa tulo. Kuwala kwa m'mawa kukalowa m'maso, melatonin amachepa, thupi nkudzuka lonse. Kuwalako kukamasowa tsiku ndi tsiku, munthu amadzuka koma m'kati akadali mtulo, ndipo mtima umatsika nawo. Madokotala analipatsa vutoli dzina loti Seasonal Affective Disorder, kutanthauza chisoni chobwera ndi nyengo, mu 1984. Amene anatsogolera ntchitoyo, Norman Rosenthal, anakulira ku Johannesburg, ndipo analimva m'thupi mwake atasamukira ku New York, kumene masana a nyengo yozizira amafupika kwambiri.

Koma Harare si New York. Kuno masana a Juni amakhala pafupifupi maola 11, a Disembala 13, ndipo kupatula masiku a guti, chiperoni chathu chija cha ku Thyolo ndi Mulanje, kumwamba kumakhala mbee. Dzuwa lilipo ndithu. Vuto ndi lakuti ambirife sitikumana nalo. Taganizani za munthu wa ku Mufakose kapena Epworth: 5 koloko m'mawa ali kale pamsewu kudikira kombi, manja m'matumba a jekete, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, nyenyezi zikuonekabe. Dzuwa likamatuluka cha m'ma hafu pasiti 6, iye ali kale pansi pa malata a fakitale ku Graniteside kapena Msasa, akugwira ntchito pa kuwala kwa mababu. Akamaweruka dzuwa lapendeka, akafika pakhomo kwada. Sabata yonse choncho. Babu lingaoneke lowala m'maso mwathu, koma kunja, ngakhale tsiku la mitambo, kumawala kuposa m'chipinda kambirimbiri.

Ndiye choyamba, tiyi wa 10 koloko muzimwera panja. Mphindi 20 kapena 30 zokha, nkhope ili poyera, osayang'ana dzuwalo m'maso ayi. Loweruka musabindikire m'mabulangete mpaka masana, tulutsani mpando pakhonde ngati mmene agogo athu amachitira powothera dzuwa. Kukhala kuseri kwa galasi la zenera sikukwanira, chifukwa galasi limatchinga cheza chimene khungu limapangira vitamini D, ndipo ife akhungu lakuda timafunika nthawi yotalikirapo padzuwa kuti vitaminiyo apangike. Usiku foni muziisiya msanga, kuwala kwake kumachedwetsa tulo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mbaula. Magetsi akazima, kuzizira kwa Julayi kukaluma, anthu amalowetsa makala m'chipinda nkutseka zitseko ndi mazenera onse. Mpweya wa makala sununkha, koma umabweretsa mutu, chizungulire ndi kufooka kwa m'mawa, ndipo umapha anthu ali mtulo. Ngati mumadzuka mutu ukuwawa chaka chilichonse nthawi ino, yambani mwayang'ana pamenepo. Mbaula isagone m'nyumba.

Okutobala ali ndi zake: kutentha kumasokoneza tulo, anthu amapsa mtima msanga, madzi akumwa azikhala pafupi.

Komabe achemwali, musaponyere zonse pa nyengo. Kuchepa kwa magazi, shuga ndi chithokomiro zimafooketsanso chimodzimodzi, ndipo kukiliniki amayeza magazi nkudziwa. Chisonicho chikapitirira masabata awiri, chakudya osachifuna, zimene munkakonda osazisangalalira, kapena maganizo odzivulaza akamabwera, dzuwa lokha silingathandize, pitani msanga. Kuno tili ndi Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006. Agogo ophunzitsidwa bwino amakhala pa benchi kumakiliniki, amamvetsera munthu amene akuganiza mopitirira muyeso, ndipo salipiritsa. Funsani anesi a kukiliniki ya kwanu masiku amene agogowo amapezeka, ndipo ngati kupita nokha kukukulemerani, tengani m'bale wanu akuperekezeni.