Malonda a pa Mwami: katundu amasowera pati, nanga zachisankho zimalowa pati

Amayi, mwafunsa mmene malonda odutsa malire amayendera kuno ku Chipata, m'dziko la Zambia, komanso ngati ndi bwino kudikira kaye mpaka mikangano ya malamulo a chisankho itazizira, popeza ena akukuuzani kuti katundu amasowa chifukwa cha chipani cholamula, ena akuti chifukwa cha chipani chomwe chinachoka. Ndiyamba ndi za pachipata cha malire, chifukwa ndi pamene mpamba wa ambiri umathera, kenako tifike ku zandalezo.

Chipata chachikulu chathu ndi Mwami, tsidya lake Mchinji. Kuyambira mu Disembala 2022 maofesi a mayiko awiriwa amagwirira ntchito pamalo amodzi, moti mumaima kamodzi m'malo moima kawiri. Ku Lundazi kuli Lusuntha, ndipo wopita ku Mozambique amakhota pa Katete kukatulukira pa Chanida. Musanagule kanthu khalani ndi pasipoti kapena chiphaso chodutsira malire, NRC (chiphaso cha unzika), ndi TPIN, nambala ya wolipira msonkho ya ku ZRA, bungwe lotolera misonkho. Zimenezi sizivuta.

Chofunika kuchimvetsa bwino ndi STR, njira yofewetsa zodutsa pachipata imene COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, inakonzera amalonda ang'onoang'ono. Pakati pa Zambia ndi Malawi inayamba mu 2010. Katundu wa ulendo umodzi wolowa kuno ku Zambia asapitirire madola 2,000 a ku America, akhale wolimidwa kapena wopangidwa m'dziko limene mukuchokeralo, ndiponso akhale pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana. Zitatuzi zikakwanira mumadzaza mapepala awiri afupiafupi, limodzi lotsimikiza kumene katundu anachokera, lina la kasitomu, ndipo simufunika kulemba ejenti. Pachipata pamakhala desiki yothandiza amalonda, munthu wake timamutcha TIDO, ndipo a Cross Border Traders Association amapezekanso pomwepo. Pitani kumeneko musanaode, muone mndandandawo ndi maso anu. Ambiri amapita atagula kale, matumba ali pagalimoto, n'kumva kuti katundu wawo palibe.

Pali zolakwa ziwiri zimene zimabwerezedwa sabata ndi sabata. Choyamba ndi kuganiza kuti STR ndiye kuti simulipira chilichonse. Imachotsa dyute yokha, msonkho wolowetsera katundu m'dziko. VAT, imene kuno ili pa 16 peresenti, imatsala pa katundu amene amailipira, chimodzimodzi msonkho wapadera wa zinthu monga zakumwa. Katundu wa K10,000 wolipira VAT amafuna K1,600 m'thumba pachipata, ndipo amene sanaikonzekere amakongola kaloba pomwepo kapena kusiya katundu akugona. Chachiwiri ndi kusokoneza kumene mwagula ndi kumene katundu anapangidwa. Chitenje cha ku China kapena ku Tanzania chogulidwa ku Lilongwe sichisanduka cha ku Malawi. Chimalipira dyute, ndipo pa zinthu zambiri zomalizidwa kupanga dyuteyo ndi 25 peresenti. Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000, Mozambique nayonso si membala, choncho zimene mwazolowera pa Mwami musapite nazo pa Chanida kapena ku Nakonde, malire a Tanzania, ngati kuti n'zofanana.

Ena amagawa katundu mmodzi kwa anthu atatu kuti aliyense akhale pansi pa madola 2,000, ena amalembetsa risiti ya mtengo wochepa. A kasitomu amadziwa mitengo ya pamsika kuposa mmene timaganizira. Akakayikira amaika mtengo wawo, n'kuwonjeza chindapusa. Chilichonse chimene mwalipira chikhale ndi risiti ya boma, ndipo katundu akalandidwa funsani pepala lolembapo zimene zatengedwa, chifukwa popanda pepalalo palibe pokadandaula.

Zokolola ndiye zili ndi nkhani yaitali. Chimanga, soya, mtedza, nyemba ndi mpunga zimafuna chilolezo cha unduna wa zamalimidwe ndi chiphaso chotsimikiza kuti mbewuzo zilibe matenda kapena tizilombo, ngakhale zili pa mndandanda wa STR. Chilolezo chimalembedwa kuchuluka kwake ndi masiku ake, ndipo chikatha katundu ali m'njira ndiye kuti mulibe. Samalaninso chinyezi. Chimanga chogulidwa mu Meyi chimakhala chisanaume, chimalemera pasikelo koma pakatha milungu ingapo thumba lapepuka, mwina layamba kufunda. FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chakudya, imalandira chimanga cha chinyezi chosapitirira 12.5 peresenti, ndipo muyezo umenewo ndi wabwino kuutsatira ngakhale simukugulitsa ku FRA. Mtedza wothiridwa madzi kuti usendeke msanga umagwira chuku, ndipo wogula wamkulu amaubweza wonse. Shuga musamuyambire: kuyambira 1998 lamulo lathu limafuna shuga wa pakhomo akhale ndi vitamini A, ndipo kumulowetsa kumafuna zilolezo zimene wamalonda wamng'ono sazipeza mosavuta. Nkhumba ndi nyama yake nazonso zimaletsedwa kawirikawiri kutuluka m'chigawo chino chifukwa cha chigodola.

Za zalewa, njira za kutchire zija, ndinene mosabisa. Inde, njinga ndi njinga zamoto zimadutsa usiku. Koma katundu wodutsa kumeneko alibe pepala, ndiye pa rodibuloko iliyonse mumalipira, ndipo tsiku logwidwa mumataya mpamba wonse. Kwa amayi kulinso zoopsa zina m'tinjira timeneto zimene ndalama siingabwezeretse. Anthu ambiri amene amadutsa ku zalewa akanalipira zochepa akanadutsa pachipata, kungoti palibe amene anawawerengera.

Tsopano kusowa kwa katundu. Katundu akasowa m'mashopu a ku Down Shops kapena pa msika wa Kapata, nthawi zambiri mungathe kuloza pamene wamangika, ndipo malo ake ndi odziwika.

Poyamba pa zonse ndi dola. Mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala, salaula, ngakhale mafuta ambiri ophikira asanayengedwe, zambiri mwa izi zimagulidwa kunja ndi dola. Mu Novembala 2023 Malawi anatsitsa mphamvu ya kwacha yake ndi 44 peresenti, dola n'kufika pafupifupi MK1,700, koma m'mabanki madola anapitiriza kusowa ndipo mtengo wa pamsewu unathawa kutali ndi wa kubanki. Kuyambira chakumapeto kwa 2024 mizere ya mafuta inakhala ya masiku m'mizinda ya ku Malawi. Zotsatira zake zimafika kuno: ogula a tsidya lija amabwera ambiri kudzapikula zimene kwawo zasowa, mashelefu athu amapepuka, mitengo imakwera. Kwa inu wamalonda, apa ndi pamene phindu limapezeka kapena kufa. Tinene kuti mwaoda katundu wa K10,000, mwagulitsa ku Lilongwe MK1,800,000, ndipo tsiku lonyamuka osintha ndalama amapereka K1 pa MK150. Pamenepo muli ndi K12,000. Mukachedwa masiku anayi podikira angongole, mtengo n'kufika MK170, ndalama yomweyo yatsika kufika K10,588, musanachotse thiransipoti, chakudya ndi pogona. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi sabwera ndi makwacha a ku Malawi m'chikwama. Amagulanso katundu komweko, mpunga wa Kilombero, usipa, kapena china chimene chili pa mndandanda, kuti ulendo wobwerera ukhale ndi malonda ake. Ngongole tsidya lija musapereke konse ngati mtengo wa ndalama ukugwedezeka. Mukasintha ndalama, gwirizanani mtengo kaye, muwerenge zanu zili m'manja mwanu, ndipo kumbukirani kuti Malawi ali ndi malire pa ndalama zotuluka nazo m'dziko.

Kenako mvula. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Chimanga cha chaka chimenecho chinali pafupifupi matani 1.5 miliyoni, osakwana theka la chaka cham'mbuyo. Boma linatseka zotumiza chimanga ndi ufa kunja, FRA inakweza mtengo wa thumba la makilogalamu 50 kuchoka pa K280 kufika K330. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi n'kumazima maola opitirira 20 patsiku m'malo ambiri. Zigayo, mafakitale ndi mafiriji zinaima, ndiye ngakhale amene anali ndi chimanga sankagaya mokwanira. Chaka chotsatira mvula inagwa bwino, zokolola zinapitirira matani 3.6 miliyoni, chipata chinatsegukanso ndipo boma la Malawi linabwera kudzagula kuno. Boma la Zambia linali lomwelo zaka ziwiri zonsezi.

Apa ndisanamizire: boma lili ndi mbali yake, ndipo ndi yaikulu. Lamulo lotseka chipata limatuluka usiku umodzi, ndipo limagwira wamalonda amene anaoda movomerezeka dzulo lake. Mu Malichi 2025 Malawi analetsa kulowetsa zinthu monga ufa, mpunga, mbatatesi, anyezi, mazira ndi zipatso zina pofuna kusunga madola, ndipo nkhaniyo inautsa mkangano ndi Tanzania mwezi wotsatira. Amene anali ndi matumba a anyezi m'njira analuza. Zimandipweteka kuti malamulo otere amalengezedwa popanda kupereka ngakhale sabata imodzi yoti katundu wa m'njira adutse, ndipo izi maboma a zipani zosiyanasiyana, mbali zonse ziwiri za malire, akhala akuchita. Makamaka chaka cha chisankho, palibe boma limafuna kuti ufa udule, ndiye chimanga ndi chimene chimayamba kutsekeredwa.

Msewu nawo. Kuchokera ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kudutsa pa mlatho wa Luangwa ndi m'mapiri momwe thiraki imodzi ikagwa aliyense amaima. Njanji ya Chipata-Mchinji inatsegulidwa mu 2010 kuti itilumikize ku doko la Nacala, koma katundu wathu wambiri akuyendabe pamsewu.

Nanga malamulo a chisankho? Mikangano yake ndi yeniyeni ndipo monga nzika muyenera kuitsatira. Lamulo lakuti pulezidenti apeze mavoti opitirira theka linalowa mu 2016. Bill 10, yofuna kusintha malamulo oyendetsera dziko, inagwa m'nyumba ya malamulo mu Okutobala 2020. Bill 7, yowonjezera madera a aphungu kuchoka pa 156 ndi kupereka mipando kwa amayi, achinyamata ndi olumala, inadutsa mu Disembala 2025 patatha kukokanakokana. Oikonda ankati madera ena ndi aakulu kwambiri moti phungu mmodzi sangawakwanitse, oikana ankati yabwera mothamanga chisankho chili pafupi ndipo anthu sanafunsidwe mokwanira. Ku Malawi nakonso kunali mkangano wokhudza chiphaso cha unzika polembetsa mavoti chisanafike chisankho cha pa 16 Seputembala 2025. Koma palibe ndime m'malamulo amenewa imene imasintha dyute pa Mwami kapena kudzaza thanki ya dizilo. Wandale akamalumikiza ziwirizi pamsonkhano, akufuna voti yanu, ndipo ndi ufulu wake kutero. Inu musaodere katundu pa mawu amenewo.

Pamene zachisankho zimakhudzadi malonda ndi pamene anthu akana zotsatira. Chisankho cha ku Mozambique cha pa 9 Okutobala 2024 chitatsutsidwa, zionetsero zinatenga miyezi, misewu inkatsekedwa, mathiraki ankaima, ndipo mayiko opanda nyanja monga ife ndi Malawi, amene amadalira madoko a Beira ndi Nacala, anamva kuwawa. Ndiye wamalonda ali ndi chifukwa chake chofunira kuti malamulo a chisankho akhale oti mbali zonse ziwakhulupirire, kaya iye amavotera ndani.

Choncho musadikire, koma yendani ndi kalendala. Kuno chisankho chimachitika Lachinayi lachiwiri la Ogasiti zaka zisanu zilizonse: mu 2021 linali pa 12, mu 2026 pa 13. Milungu iwiri chisanachitike ndi iwiri chitachitika, chepetsani katundu wa m'njira, musanyamule zowola msanga monga tomato ndi nsomba zaziwisi, ndipo tolerani ngongole zanu zonse. Ogulitsa akuluakulu ena amachepetsa kuoda nthawi imeneyi, mabasi ndi malole ambiri amalembedwa ganyu ku misonkhano, ndiye thiransipoti imadula. Zitenje ndi malaya a zipani zimaoneka zokopa, koma tsiku lovota likadutsa zotsala sizigulikanso, ndipo kuvala za chipani pamsika kapena pachipata kumakuchotserani theka la makasitomala. Chitaninso chimodzimodzi chisankho chikakhala ku Malawi kapena ku Mozambique.

Ulendo woyamba tengani mtundu umodzi kapena iwiri ya katundu, ndi theka la mpamba wanu basi, makamaka ngati ndalamayo ndi ya chilimba. Musananyamuke imbani foni zitatu: kwa wogula tsidya lija kuti atsimikize mtengo ndi kuchuluka, ku desiki ya pachipata kuti mumve ngati katunduyo akudutsabe sabata imeneyo, ndi kwa wosintha ndalama amene mumamudziwa. Lembani m'kabuku mtengo woodera, onyamula, galimoto, msonkho, zilolezo, chakudya ndi pogona, kenako mugawe ndi chiwerengero cha matumba kapena makatoni kuti mudziwe mtengo weniweni wa chimodzi. Phindu limene latsala muliyese ndi mtengo wa ndalama woipirapo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Likafa pamenepo, sabata imeneyo musapite.