Kusankha wogulitsa m'sitolo: yankho kwa mayi a ku Area 25

Mayi ena amene ali ndi golosale ku Area 25 kuno ku Lilongwe andilembera imelo. Akuti akufuna kulemba munthu wogulitsa m'sitolo, makalata ofunsira ntchito afika ambirimbiri, komanso achibale akuwakakamiza kuti atenge mwana wa achimwene awo. Akufunsa kuti asankhe bwanji.

Mayi, musadalire mapepala okha ndi kutsetsereka kwa pakamwa. Satifiketi ya MSCE imasonyeza kuti munthu anakhoza mayeso, koma siingakuuzeni ngati adzabweza chenji molondola pamene makasitomala adzadzana pa kauntala kumapeto kwa mwezi, wina akufuna shuga, wina akudandaula kuti mtengo wa mafuta ophikira wakwera. Sankhani anthu anayi kapena asanu, muwaitane pa intavyu, ndipo onse muwafunse mafunso ofanana kuti muthe kuwayerekeza mwachilungamo. Mukatero aliyense mumupatse ntchito yeniyeni: aphatikize mitengo ya zinthu zisanu, abweze chenji, alembe zimene wagulitsa m'buku, kenako inu muyerekeze kukhala kasitomala wovuta muone mmene akuyankhirani. Mphindi 15 zimenezi zidzakuululirani zimene kalata yake yabisa.

Onani chiphaso chake cha unzika, ndipo muimbire foni amene anamulembapo ntchito. Ambiri amadumpha zimenezi, ndipo ine zimandidandaulitsa, chifukwa funso limodzi lokha lakuti "Kodi atabwerera mungamulembenso?" limakwanira.

Za mwana wa achimwene anuyo, musamukanire patali, koma ayesedwe pamodzi ndi anzake. Akapambana mumulembe, mutamuuza pamaso pa makolo ake kuti m'sitolo ndi wantchito ngati wina aliyense. Ndaonapo mabizinesi akugwa chifukwa mwini wake ankachita manyazi kufunsa wachibale za ndalama zimene zasowa.

Dziwaninso kuti lamulo la Employment Act la 2000 limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo, ulumali kapena poti ndi mkazi. Choncho musafunse mtsikana ngati ali woyembekezera, ndipo musatumize aliyense kukayezetsa HIV kuti mumulembe. Amene mwamusankhayo mulemberane naye mgwirizano wotchula malipiro, maola ogwira ntchito ndi masiku a tchuthi, ndipo musanatchule malipirowo mukafunse ku ofesi ya zantchito ndalama zochepetsetsa zimene boma linakhazikitsa, chifukwa mukadzasemphana, khothi loweruza milandu ya zantchito la Industrial Relations lidzafuna kuona pepala limenelo.