Pavlov, Skinner ndi mwana wolira ku sikelo

Mtsikana wina amene akuphunzira unamwino kuno ku Blantyre wanditumizira imelo. Akuti psychology ya chaka choyamba yamuzunguza mutu, makamaka classical conditioning, operant conditioning ndi negative reinforcement, ndipo akufunsa ngati angoloweza matanthauzo ake kuti akhoze mayeso.

Ayi achemwali, musangoloweza. Zimenezi mudzakumana nazo mu wodi tsiku ndi tsiku, ndipo mukazimvetsa bwino zidzasintha mmene mumagwirira odwala.

Psychology ndi phunziro la maganizo ndi khalidwe, lofufuza poyesa ndi kuyeza, osati kulosera za mumtima mwa munthu monga ena amaganizira. Ambiri amawerenga chiyambi chake kuyambira 1879, pamene Wilhelm Wundt anatsegula labotale yake ku Leipzig, m'dziko la Germany.

Ivan Pavlov wa ku Russia sanali katswiri wa za maganizo. Ankafufuza za kugaya chakudya m'mimba, ndipo ntchito imeneyo inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 1904. Anaona kuti agalu ake ankachucha malovu chakudya chisanafike, akangomva mapazi a owadyetsa. Atayamba kuliza phokoso lina nthawi zonse asanawapatse chakudya, phokosolo palokha linayamba kutulutsa malovu. Classical conditioning ndi imeneyo: zinthu ziwiri zikamabwera motsatizana, thupi limazilumikiza lokha, mwini wake osasankha.

Pitani ku sikelo ya ana ku Ndirande kapena ku Zingwangwa mukaone. Khanda lobayidwa katemera limalira chifukwa cha ululu, palibe amene analiphunzitsa. Likabweranso, limayamba kulira likangoona yunifolomu kapena kumva fungo la mankhwala, jakisoni asanatulutsidwe n'komwe. Zimandipweteka ndikamva mayi akuopseza mwana kuti "ukapanda kumvera ndikakubayitsa kwa anesi", chifukwa akukhwimitsa mantha omwewo, ndipo ena amakula nawo mpaka kumathawa chipatala ali akuluakulu. Komabe mantha otere amatha kuzilala. Mwana akamakumana ndi namwino kangapo popanda kubayidwa, kulira kumachepa, ndipo m'mabuku mwanumo akutcha zimenezi extinction.

B. F. Skinner wa ku America anayang'ana mbali ina. Ankaika khoswe m'bokosi lokhala ndi kachitsulo. Khosweyo akakadina, chakudya chinkagwa, ndipo ankadina mobwerezabwereza. Apa cholengedwa chimayamba kuchita kanthu, kenako zotsatira zake n'zimene zimachititsa kuti chibwerezenso kapena chileke. Operant conditioning ndi imeneyo.

Pamene ophunzira ambiri amagwa ndi pa negative reinforcement, poganiza kuti ndi chilango. Si chilango ayi. Reinforcement iliyonse imakulitsa khalidwe. Ikakhala positive, munthu walandira chinthu chokoma, monga kuyamikiridwa kwa wodwala TB amene wamwa mankhwala osadumphitsa. Ikakhala negative, chinthu chowawa chachotsedwa. Mutu ukukuwawani, mwamwa panado, ululu watha. Tsiku lina mutu ukangoyamba mudzathamangira panado yomweyo. Khalidwe lakula chifukwa chowawa chachoka. Chilango cholinga chake n'kuchepetsa khalidwe, ndipo Skinner mwiniyo sankachikhulupirira kwenikweni, poona kuti chimangopondereza khalidwelo kwa kanthawi osaphunzitsa chochita m'malo mwake. Ine ndimagwirizana naye. Wodwala amene wakalipiridwa chifukwa chobwera mochedwa kudzatenga ma ARV kawirikawiri saphunzira kusunga tsiku. Amaphunzira kupewa namwino amene anamukalipirayo, mwinanso chipatala chonsecho.

Funso likabwera pa mayeso, yambani mwaona ngati thupi likungoyankha lokha ku chizindikiro, monga malovu kapena mantha. Zikatero ndi za Pavlov. Ngati munthu wachita kanthu ndipo pali chomutsatira, ndi za Skinner, ndiye dzifunseni ziwiri: khalidwe lakula kapena lachepa, nanga chinthu chaperekedwa kapena chachotsedwa?