Amayi asiya kudya chimwalirireni abambo: kodi ndi ukalamba chabe?

Mayi wina wandilembera kuchokera ku Johannesburg. Akuti amayi ake a zaka 74, omwe ali kumudzi, chimwalirireni amuna awo chaka chatha sakudya bwino, tulo sakupeza, amangodandaula msana ndi mawondo. Ana anawalembera wantchito komanso waganyu wakumunda kuti azipuma. Akufunsa ngati umenewu ndi ukalamba chabe.

Achemwali, musafulumire kunena kuti ndi ukalamba. Choyamba amayi akayezedwe BP ndi shuga, poti matenda awiriwa amatha kumudya munthu osadziwa. BP ikamafika 140/90 kapena kupitirira nthawi ndi nthawi, pafunika chithandizo, ndipo mankhwala ake sasiyidwa poti mutu waleka kuwawa. Awaonenso maso, makutu ndi mano. Agogo ena amene timati asiya kucheza, vuto ndi loti sakumva bwino kapena ng'ala yaphimba maso, chonsecho ng'ala amaichotsa ndi opaleshoni yaifupi.

Koma ine mtima wanga uli pa wantchito uja. Munachita mwachikondi, sindikukana. Komabe munthu amene wakhala akulima ndi kuphika moyo wake wonse, mwamulanda khasu ndi mthiko pa nthawi yomwe wataya mnzake wocheza naye. Ndiye m'mawa adzukirenji? Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati okalamba azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kusesa pabwalo, kuthirira dimba, kuyenda wapansi kupita kutchalitchi kapena ku Mvano, zonsezi ndi zomwezo. Mawondo a nyamakazi akangokhala amaumiratu. Waganyu atenge zolemera monga kugalauza ndi kusenza madzi, zinazo abwezereni.

Makolo athu kawirikawiri sanena kuti akhumudwa. Amati thupi lonse likuphwanya, kapena mtima ukuthamanga. Chisoni cha maliro sichachilendo, koma pakatha miyezi yambiri chonchi munthu akuwonda ndi kudzipatula, akhoza kukhala matenda a maganizo, ndipo amachizika. Funsani namwino woona za matendawa pa chipatala cha boma, kapena pitani ku chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Akayamba kunena kuti bola kungofa, musadikire mawa.

Mukamaimba foni, musamangofunsa ngati ndalama zafika. Afunseni nzeru pa nkhani za m'banja, ndipo pezani mdzukulu kapena mnansi woti azidya nawo nsima, chifukwa wodya yekha sachedwa kusamba m'manja.