Bini ya chopondera ija, musakakamize chivundikiro

Achemwali, mwati mukulumikiza bini yanu ya chopondera koma chivundikiro chikukana kulowa? Siyani kaye, chivundikirocho mukachikakamiza chithyoka! Ine zinandionekera, mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Yanga ndinagula pa shopu ina ku Kamuzu Road, ili m'katoni, chivundikiro pachokha, waya pawokha. Ndinamupempha mnyamata wogulitsayo kuti andilumikizire pomwepo, iye amvekere, "Mayi, zosavuta izi, ngakhale mwana atha." Ndinakwera nayo kabaza mpaka kunyumba. Kutsegula katoni, kapulasitiki kokolera waya uja amachoka ku chopondera n'kukakankha chivundikiro kumbuyo mulibe. Kapepala ka malangizo zithunzi zokhazokha, zosaoneka n'komwe.

Tsiku lomwelo kunabwera apongozi. Mwezi wa Okutobala, kutentha kwa Salima mukukudziwa. Ndinali nditatumbula chambo, matumbo ndi mamba zili m'bini momwemo. Bambo a ana pofuna kuthandiza anakanikiza chivundikiro ndi mphamvu, tinangomva thyo! Hinji yapita. Bini kukamwa yasa, ntchentche zobiriwira zija kudzaza khitchini yonse, fungo kufika mpaka pakhonde pomwe apongozi anakhala pamkeka kudikira nsima. Iwo osalankhula kanthu, kumangodzikupiza ndi nsonga ya chitenje. Ine mbale m'manja, thukuta kamukamu, misozi ili pafupi.

M'mawa mwake ndinabwerera. Mnyamata uja kundiyang'ana ngati sanandionepo, chala pa risiti, ati katundu wogulidwa sabwezedwa, mwathyola nokha. Nanga kapulasitiki kosowako tinadya ife? Ogulitsa ena alibe chisoni ndithu, akangolandira ndalama basi, zako izo.

Inu chitani chonchi. Tulutsani ndowa yamkatiyo, bini muigadabuze, waya mukole kaye ku chopondera, kenako nsonga inayo ilowe pakabowo ka kuseri kwa chivundikiro. Mukatero m'pamene muzikhazika chivundikiro pa hinji, pang'onopang'ono. Ngati pali kosowa bwererani lero lomwe ndi katoni ndi risiti, mukalimbe pakamwa, musachite manyazi. Kungoti kunena zoona, kubwererako n'kungotaya ndalama ya kabaza. Yanga anandimangira ndi sipoko mnyamata wina wokonza njinga pamsika, ikutseguka bwinobwino mpaka pano. Koma za nsomba musamataye m'menemo ayi, zimenezo kakwirireni kudzala.