Ntchito yoteteza nyama zakutchire ndi yotani kwenikweni?

Mayi, mwati mwana wanu akufuna kudzakhala katswiri wa sayansi yoteteza nyama zakutchire zomwe zikutha, ndiye mukufunsa ngati imeneyi ndi ntchito yeniyeni. Ndi ntchito ndithu, koma mumuuziretu kuti si zija timaona pa TV, munthu akusisita kamwana ka njovu.

Masiku ambiri amathera pa kuwerenga nyama ndi kulemba. Kudzuka mbandakucha kukatsata mapazi, kutola ndowe zokapima, kusintha mabatire m'makamera omangirira pamitengo, kenako kukhala pakompyuta kuona komwe nyama zovala makolala a GPS zagona. Zipembere amazicheka m'makutu kuti chilichonse chizidziwika pachokha. Ndipo zipatso za ntchitoyi zimachedwa. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22, chipembere chakuda miyezi pafupifupi 15, choncho kuti udziwe ngati zikuswana bwino pamapita zaka. Katswiri wina wa njovu, Cynthia Moss, anayamba kutsatira njovu za ku Amboseli, ku Kenya, mu 1972 ndipo kafukufukuyo adakalipobe.

Pena thandizo limafika madzi atafika kale m'khosi. Kumalo osungirako nyama a Ol Pejeta, ku Kenya, kwatsala zipembere zoyera zakumpoto ziwiri zokha, Najin ndi Fatu, zonse zazikazi, poti champhongo chomaliza chinafa mu 2018. Pena zimatheka. Ku Majete nyama zinali zitatsala pang'ono kutheratu, koma a bungwe la African Parks atayamba kuyendetsa malowa mu 2003 anabwezeretsamo zipembere, njovu ndi mikango. Njovu pafupifupi 500 zomwe zinasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017 sanangozitola chitolere, ankanyamula banja lonse pamodzi, chifukwa kulekanitsa mayi ndi ana n'kudziputira mavuto.

Koma kwa ine, gawo lovuta ndi anthu. Njovu zikasakaza munda usiku umodzi, mwini mundayo safuna kumva zoti nyamazi zikutha. Katswiri amene satha kukhala pansi ndi mafumu n'kumvetsera madandaulo, misampha sidzatha m'nkhalango yake ngakhale akhale ndi madigiri angati.

Kusukulu alimbikire biology ndi masamu (masamuwo ambiri amawathawa, chonsecho kuwerenga nyama kumadalira iwowo). Koleji ya Mweka ku Tanzania ndi yodziwika pa maphunziro amenewa. Ntchito zake n'zochepa ndipo zambiri ndi zamapulojekiti a zaka zowerengeka, ndiye ayambe n'kudzipereka kwaulere pa tchuthi, makamaka nthawi ya dzinja, akalawe matope, nkhupakupa ndi kashembe.